Masiku asanu ndi limodzi ku Beilstein, kamudzi ka m'mphepete mwa Mosel

Lolemba

Ndafika bwino, abale anga. Ndikulemba ndili m'kachipinda ka pamwamba, denga lake lopendekeka moti ukafuna kusuzumira pawindo uyenera kuwerama kaye. Pansipa mtsinje wa Mosel wangoti bata, ngati sukuyenda n'komwe.

Kwa amene simukudziwa, ndakhala ku Koblenz zaka ziwiri tsopano, ndikuphunzira unamwino. Mzinda umenewu uli pomwe Mosel amathira mu Rhine, ndipo ndakhala ndikuwoloka mtsinjewu pamlatho kambirimbiri osaulabadira. Amene ananditsegula maso ndi agogo ena omwe ndinkawasamalira m'chipatala. Iwo anakulira m'mudzi wina wa kumtunda kuno, ndipo usiku tulo tikawathawa ankandisimbira za minda ya mpesa ndi za madzi osefukira. Tsiku lina anandiuza kuti munthu wokhala m'tauni sangati akuudziwa Mosel, pokhapokha atakagona m'mudzi ndi kumva fungo la mtsinje m'mamawa. Agogowo anatisiya chaka chatha. Nditapatsidwa tchuthi cha sabata imodzi mwezi uno wa Okutobala, ndinati ndipite ndikaone.

Pasitima yapamtunda kuchoka ku Koblenz kufika ku Cochem sipakwana ola. Kuchoka pamenepo basi ilipo, koma ine ndinasankha sitima yapamadzi, yomwe imatenga pafupifupi ola lathunthu pa kamtunda ka makilomita khumi okha. Chochedwetsa n'chakuti pa Fankel mtsinje anautchinga, mofananako ndi baraji ya ku Liwonde, kungoti pano anasiya njira ya sitima. Sitima imalowa m'chimphika chachikulu cha konkire, zitseko zachitsulo n'kutsekedwa kumbuyo, kenaka madzi amayamba kulowa cham'munsi. Ife tinangoona khoma lonyowa likutsika pang'onopang'ono m'mbali mwathu, chonsecho ndife tikukwera. Madzi atalingana ndi a kumtunda, zitseko za kutsogolo zinatseguka ndipo tinapitirira. Zotchinga zotere zili ndondondo mumtsinjewu kuyambira pamene anaukonza kuti muzidutsa sitima zazikulu za katundu. Ntchitoyo inatsegulidwa mu 1964, atsogoleri a Germany, France ndi Luxembourg ali pomwepo, poti mtsinjewu ndi wa mayiko atatu onsewo. Umachokera kumapiri a Vosges ku France.

Titakhota ngodya, Beilstein uyo. Nyumba zochepa chabe zothinana m'khwawa, madenga a miyala yakuda, tchalitchi chachikulu chili pathanthwe pamwamba pake, ndipo pamwamba penipeni mabwinja a linga. Anthu okhala m'mudzimu sapitirira 150. Koma amene tinatsika sitima imodzi yokhayi tinali ochuluka ndithu, ndipo tinapeza ena ali piringupiringu m'tinjira, makamera m'manja.

Cha m'ma 6 koloko sitima yomaliza itanyamuka, mudzi unangoti zii. Pamenepo ndi pomwe ndinayamba kuona eni ake: bambo wina akulowetsa mipando, mayi wina akuthirira maluwa a pawindo, galu atagona pakati pa msewu. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu. Kuno mame ake amagwa masana, n'kukamuka madzulo.

Mayi a nyumba ino ndi achikulire, a zaka za m'ma 70. Anandilandira ndi supu yotentha, n'kundifunsa kwathu. Nditatchula Malawi anakatenga buku la mapu, ndipo tinafufuza limodzi mpaka chala chawo chinaima pa Ntcheu.

Lachiwiri

Lero linali tsiku lokwera zitunda. Ndinadzuka nkhungu itakuta mtsinje wonse, tsidya lina osaoneka, belu la tchalitchi likulira mkati mwa nkhungumo.

Ndinayambira pabwalo la msika, lomwe linakonzedwa mu 1322. Ndi kabwalo kakang'ono, bwalo la mfumu la kwathu likhoza kukaposa, koma nyumba iliyonse yolizungulira ili ndi mbiri. Pali imodzi ya m'zaka za m'ma 1500 yotchedwa Zehnthaus, kutanthauza nyumba ya chachikhumi. M'menemo ndi momwe alimi ankatula gawo la zokolola zawo, mbewu ndi vinyo, kwa eni dziko. Ndinaimirira pakhomo pake ndikuganiza za thangata yemwe agogo athu ankamutchula ndi mkwiyo. Sizofanana ndendende, koma mtima wa mlimi amene wasenza thukuta lake kukalisiya m'nkhokwe ya wina ndi umodzi kulikonse. Pafupi pomwepo pali tchalitchi chakale cha mudzi, chomwe lero ndi holo yochitiramo misonkhano ndi zisangalalo.

Chodabwitsa n'chakuti kamudzi aka kanali mzinda. Mu 1309 mfumu Heinrich VII inapatsa Beilstein ufulu wokhala mzinda, mwini dera panthawiyo ali Johann von Braunshorn. Anamanga mpanda wamiyala ndi zipata, ndipo zidutswa zake zikadalipo. A Braunshorn atatha kunabwera a Winneburg, kenaka mu 1652 a Metternich, omwe dzina lawo linatsalira pa linga la pamwamba paja. Amene munaphunzira mbiri ya ku Ulaya kusekondale mukumukumbukira Klemens von Metternich, nduna ya Austria imene inatsogolera msonkhano wa ku Vienna wa 1814 mpaka 1815. Ine ndinamuloweza pokonzekera mayeso, osadziwa kuti anabadwira ku Koblenz komwe ndikukhala, ndiponso kuti m'dzina lake lathunthu muli Beilstein. Banja lake linataya derali asilikali a France atalanda chigawo chino mu 1794, ndipo kuyambira 1815 mudzi unakhala pansi pa Prussia.

Kuchoka pabwalo kupita kutchalitchi cha pamwamba pali masitepe 108 opanikizika pakati pa nyumba. Tchalitchicho, cha Yosefe Woyera, chinamangidwa ndi amonke a chipani cha Karimeli, omwe anafika kuno pakati pa nkhondo ya zaka 30, ija ya 1618 mpaka 1648, ndipo anayamba kuchimanga mu 1691. Mkati muli chifanizo chakale kwambiri cha Amayi Maria atanyamula mwana, nkhope zawo zakuda. Amachitcha Schwarze Madonna. Anthu a kuno amati chinachokera ku Spain, ndipo chinasiyidwa ndi asilikali a dzikolo omwe anakhala m'mudzimu nthawi ya nkhondo ija. Ndinakhala pabenchi nthawi yaitali ndikuchiyang'ana. Kuyambira m'mawa ndinali ndisanaone nkhope ina yakuda m'mudzi monse, ndiye ndikuipeza paguwa, makandulo akuyaka patsogolo pake, amayi achizungu akugwada. Ndinayatsa kandulo yanga, ndinapempherera amayi anga ndi agogo a m'chipatala aja.

Linga lija asilikali a France analiphwasula mu 1689, chaka chomwe malinga ambiri a chigawo chino anawonongedwa. Nsanja yake ikadali chiimire ndipo munthu amatha kukwera. Uli pamwamba umaona mtsinje ukukhota ngati njoka yokhuta, minda ya mpesa itakwera mapiri mbali zonse, ndi mudzi wa Ellenz-Poltersdorf tsidya lina.

Madzulo ndinawafunsa mayi a nyumba kuti zinatheka bwanji mudzi kukhalabe momwe unalili kalekale, pamene midzi ina inasintha. Anaseka, n'kunena kuti ndi umphawi. M'zaka za m'ma 1870, pomanga njanji ya Koblenz ndi Trier, akatswiri sanafune kutsata kukhota konse kwa mtsinje. Anaboola phiri kuchokera ku Cochem kukatulukira ku Eller, ngalande ya makilomita oposa anayi, ndipo midzi yonse ya m'ngodya ino inatsala pambali. Sitima yapamtunda sinabwere, mafakitale sanabwere, ndalama yogumulira nyumba yakale n'kumanga yatsopano panalibe. Anthu ankangozigamba zomwe makolo anasiya. Lero zigambazo ndi zomwe alendo akulipirira kudzaona, mpaka mudzi anaupatsa dzina la mwana wamkazi wa mfumu wa m'nthano yawo, yemwe anagona tulo zaka 100. Mayiwo dzinalo salikonda. Akuti m'mudzi muno palibe anagonapo, anthu ankadzuka usiku kukagwira ntchito ngati kwina kulikonse.

Lachitatu

Thupi lonse likuwawa, koma tsiku la lero sindidzaliiwala. Dzulo usiku mwana wa mlongo wawo wa mayi a nyumba anabwera kudzatenga zidebe, n'kudandaula kuti manja achepa ndipo mvula ili pafupi. Ndinati ndine mwana wa mlimi, nditengeni. Anandiyang'ana nsapato, n'kundibwereka majombo.

Tinafika kumunda nkhungu isanachoke. Abale anga a ku Tsangano, inu amene mumalima mbatatesi m'zitunda, mumadziwa kutsetsereka, komabe izi n'zina. Munda waima ngati khoma. Pansi si dothi lenileni koma timiyala takuda tosalala, tophwatalala, mtundu womwewo wa masileti omwe makolo athu ankalembapo kusukulu, ndipo ndi womwewonso amafolera nyumba kuno. Ukaponda timatsetsereka nawe. Ndinafunsa chifukwa chovutikira ndi malo otere pomwe kumtunda kwa mapiri kuli zidikha. Yankho lake ndi dzuwa. Dziko lino ndi lozizira, mphesa sizingapse bwino pamalo athyathyathya. Chitunda choyang'ana kum'mwera chimalandira dzuwa mwachindunji, timiyala takuda tija timasunga kutentha masana n'kukutulutsa usiku, mtsinje nawo umafewetsa chisanu. Aroma ndi amene anakhazikitsa ulimi umenewu m'chigwa chino, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, pamene Trier unali mzinda wawo waukulu. Chakumtunda pang'ono, pafupi ndi Bremm, kuli phiri la Calmont lomwe minda yake imapendekeka mpaka madigiri oposa 60.

Mtundu wa mphesa womwe tinkathyola ndi Riesling, womwe umachedwa kupsa, n'chifukwa chake kukolola kumafika mu Okutobala. M'munda wakalewu mpesa uliwonse uli ndi mtengo wakewake wouchirikiza, nthambi ziwiri zitapindidwa n'kumangidwa mooneka ngati mtima. Amatero kuti munthu azitha kudutsa mopingasa osalimbana ndi mawaya. Aliyense anapatsidwa kasizasi ndi chidebe. Umagwira tsango, kudula, kuyang'ana ngati muli zowola, kuzichotsa, kuponya m'chidebe. Mnyamata wamphamvu amayenda m'mizere atabereka chimgolo kumsana, ife n'kumakhuthuliramo, iye n'kutsika nacho kumsewu kukathira m'ngolo ya thirakitala. M'minda ina anaikamo kanjanji ka mzere umodzi, kokwera phiri ndi kainjini, konyamula katundu ndi munthu mmodzi. Wathuwu unalibe.

Tinalipo khumi ndi mmodzi. A pabanja anali anayi okha, mmodzi wa iwo bambo a zaka zoposa 80 omwe ankayenda pa timiyala tija ngati pabwalo. Panali anansi awiri obwera kudzathandiza, poti mawa kapena mkuja iwonso adzathandizidwa, monga timachitira ndi dima. Otsalawo anali aganyu ochokera ku Romania, amene amabwera chaka ndi chaka nyengo yokolola. Mayi wina mwa iwo anandionetsa pafoni zithunzi za ana ake awiri omwe anawasiya ndi agogo awo. Chijeremani chathu tonse n'choperewera, koma nkhani yosiya ana ndi agogo pofuna ndalama ya sukulu sifuna womasulira. Ndani wa ife alibe mbale ku Joni?

Masana tinadyera m'munda momwemo, titakhala pakhoma lamiyala: supu ya nandolo zouma, buledi ndi masoseji. Bambo achikulire aja anafinyira madzi a mphesa pakagalasi ka kachipangizo kooneka ngati kapaipi, n'kuloza kudzuwa, n'kundipatsa kuti ndisuzumire. Kamayeza shuga wa m'mphesa, ndipo muyeso wake amautcha Oechsle. Nambala imeneyo ndi yomwe imauza mlimi kuti athyole lero kapena adikire. Akadikira shuga amakwera, koma mvula ikagwa mphesa zimaphulika n'kuwola. Chaka chonse cha ntchito chimalendewera pa masiku ochepa amenewa.

Kenaka anandilozera tsidya la khwawa, pomwe pali tchire la minga ndi timitengo. Pamenepo, akuti, panali minda yokhayokha iwo ali mnyamata. Munda wa pachitunda umadya maola ochuluka kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi wa pachidikha pomwe makina amakolola okha, koma botolo la vinyo m'sitolo silisonyeza thukuta limenelo. Ana anaphunzira, anapita ku Koblenz, ku Köln, ku Frankfurt. Mwini munda akakalamba n'kusowa womusiyira, minga imalowa, makoma osanjidwa ndi manja amagumuka, nguluwe zimabwera kudzafukula za oyandikana nawo. Sanalankhule modandaula ayi. Anangonena, n'kutola kasizasi kawo.

Zinandikhudza chifukwa inenso ndine mmodzi wa ana opitawo. Munda wa amayi anga uli ndi akalozera omwe bambo anga anaunda ndi manja awo, ndipo chaka chino tinalemba aganyu chifukwa tonse anayi tili kutali. Sindikuti kuchoka n'kulakwa. Ndalama ya feteleza imachokera kwa ife omwe tinachokafe. Koma ndinaona ndi maso anga lero momwe munda umaonekera pakatha zaka 20 wopanda mwini.

Usiku anatipatsa Federweißer, madzi a mphesa omwe angoyamba kumene kuwira. Ndi thobwa lawo. Ndi wotuwa, wotsekemera, wothetheka palilime, ndipo tsiku lililonse amanka nakalipa mpaka kusanduka vinyo. Botolo lake satseka kolimba chifukwa lingaphulike. Amamwera chikate cha anyezi chotentha, Zwiebelkuchen. Ndinamwa kapu imodzi, tulo tayamba kale kundikoka.

Lachinayi

Mvula ija yagwa. Tsiku lonse ndakhala m'nyumba, ndikuthandiza mayi kusenda maapozi.

Pakhoma la nyumba ina chakumtsinje ndinaona dzana timizere tokhala ndi zaka pambali pake, ndiye lero ndinafunsa. Ndi zizindikiro za pomwe madzi analekeza. Chigumula chomwe aliyense amachitchula ndi cha mu Disembala 1993, Khirisimasi itatsala masiku ochepa, pamene muyeso wa madzi ku Cochem unapitirira mamita khumi. Mayi akuti anthu a nyumba za m'munsi anadya Khirisimasi m'zipinda za pamwamba, akutuluka pabwato.

Chomwe chinandigwira mtima ndi mmene amakhalira nawo mtsinjewu. Sautenga ngati mdani. Amadziwa kuti madzi saiwala khwawa, ndipo nyengo yozizira iliyonse akhoza kubwera. Madzi akakwera ku Trier, mzinda wa kumtunda kwa mtsinjewu, uthenga umafika kuno maola ambiri iwo asanafike. Pamenepo aliyense amadziwa chochita: kutulutsa katundu m'zipinda za pansi, kuchotsa magalimoto m'mbali mwa mtsinje, kuyamba ndi nyumba za okalamba. Amene amatsogolera ndi gulu la ozimitsa moto, lomwe m'midzi ya kuno ndi la anthu ongodzipereka, osalipidwa: mlimi, wophika, woyendetsa basi. Madzi akayamba kuphwa sadikira kuti aume. Amatsuka matope nthawi yomweyo akadali ofewa, chifukwa akauma amalimba ngati simenti.

Komabe mayi anandichenjeza kuti ndisaganize kuti Ajeremani anawagonjetsa madzi. Mu Julaye 2021, m'chigwa cha kamtsinje ka Ahr, chakumpoto kwa kuno, madzi anabwera usiku mwadzidzidzi ndipo anthu oposa 130 anafa. Anyamata a m'midzi ya Mosel anapita ndi mafosholo ndi mathirakitala kukathandiza. Ine ndinawasimbira za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, za matope otsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, za Mulanje ndi Phalombe. Tinakhala chete kanthawi, mipeni ili m'manja.

Atatero anandiuza kuti ndisiye kuwatchula kuti Sie, ndiziti du. M'Chijeremani muli inu ndi iwe ngati kwathu, ndipo wamkulu ndiye amapereka chilolezo cha iwe, chomwe ndi chizindikiro chakuti wakulandira ngati wapabanja. Ndinathokoza, koma ndinawafotokozera kuti kwathu munthu wa msinkhu wa amayi ako sungamunene kuti iwe, ngakhale umukonde chotani, ndipo lilime langa likukana. Anamvetsa. Tinagwirizana kuti iwo aziti du, ine ndiziti Sie, ndipo aliyense adziwe kuti mnzake akunena chinthu chimodzi.

Lachisanu

Kwacha bwino. Ndinakweranso njira ya kulinga, koma m'malo molowa pachipata ndinapitirira chakuseri, kutsata kanjira kolowera kunkhalango. Kumeneko kuli manda a Ayuda.

Chaka chomwe chija cha 1309, mfumu inalolanso mwini dera kukhazikitsa mabanja khumi a Chiyuda m'Beilstein. Masiku amenewo Myuda sankakhala pomwe wafuna. Ankafunika chitetezo cha wolamulira, ndipo ankachilipira. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa 600, m'kamudzi aka munali Ayuda, ndi sunagoge wawo yemwe nyumba yake ikadalipo m'kanjira kena kopapatiza. Ankachita malonda, ena a vinyo, ena a ziweto, ankatunga madzi ndi anansi awo, chigumula chikabwera chinkawalowera onse. M'zaka za m'ma 1800, malamulo atawalola kukhala kulikonse, mabanja anayamba kusamukira m'mizinda, ndipo pomwe chipani cha Nazi chinkatenga boma mu 1933 otsala kuno anali owerengeka. Zomwe zinatsatira mukuzidziwa. Ayuda 6 miliyoni anaphedwa mu Ulaya, kuphatikizapo a m'midzi ya chigwa chino. Lero m'Beilstein mulibe mpingo wa Chiyuda.

Mandawo ali pamalo okongola, pamtunda, mitengo itawazungulira. Ziliza zake ndi miyala yoimika, ina yapendekeka, ina yamera ndere. Zakale kwambiri zinalembedwa m'Chihebri chokha, zapambuyo pake zili ndi Chijeremani pansi kapena kuseri. Pamwamba pa ziliza zingapo panali timiyala tosanjikiza. Umenewo ndi mwambo wawo: wobwera kudzazonda manda sasiya maluwa, amasiya kamwala. Ndiye kuti alipo amene amafikabe, kaya ndi zidzukulu zochokera kutali, kaya ndi alendo ngati ine.

Kwathu manda sulowa wamba. Umalowa pamaliro, adzukulu atatsogola, kapena tsiku lomwe mudzi wagwirizana kukalambula, mfumu itadziwa. Choncho ndinaima kaye pachipata nthawi ndithu, ndikudzifunsa ngati n'koyenera. Ndinalowa mwaulemu, osajambula chilichonse. Udzu unali wotchetchedwa. Wina amabwera kudzasamala malo ano, ngakhale kuti ogona pano si abale ake.

Nditabwerera ndinawauza mayi komwe ndinali, ndipo anandiphunzitsa chinthu chomwe zaka ziwiri zonsezi sindinkachidziwa bwino. M'manda wamba a ku Germany, malo ogona munthu amachita kubwereka kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri 20 mpaka 30. Nthawiyo ikatha, abale akapanda kuwonjezera, chiliza chimachotsedwa ndipo malowo amadzaikapo wina. Koma manda a Chiyuda sakhudzidwa mpaka kalekale, chifukwa chipembedzo chawo chimati malowo ndi a wakufayo. Ndiye taonani mmene zinthu zakhalira: mabanja omwe akadali m'mudzi, ziliza za azigogo awo akale zinachotsedwa, pamene omwe anatha m'mudzi, maina awo ndi amene akadali chiimire paphiri.

Ndinawafunsa ngati makolo awo ankakamba za anansi a Chiyuda aja. Anati iwo ali mwana nkhaniyi sinkakambidwa patebulo. Akuluakulu ankangoti anapita, osanena kuti anapita kuti, nanga anawapititsa ndani. Zinatengera mbadwo wa ana ndi zidzukulu kuti ayambe kufunsa. Ananena izi maso ali pansi, manja akupinda kansalu ka patebulo. Sindinawonjezere funso lina. Ifenso tili ndi zaka zathu zomwe akuluakulu amatsitsa mawu akamazitchula, ndi mabanja omwe anachoka m'mudzi usiku osatsanzika.

Madzulo tinapita limodzi kumanda a mpingo, komwe kuli amuna awo. Pa 1 Novembala, tsiku la Oyera Onse, mabanja a kuno amakongoletsa manda ndi kuyatsa makandulo ofiira, ndiye iwo ayamba kale kukonzekera. Anazula maluwa a chilimwe omwe afota, ine ndikutunga madzi pampopi. Atamaliza pa amuna awo anasunthira pamanda oyandikana nawo, n'kuyambanso kuzula. Ndinafunsa ngati ndi achibale. Anati ayi, ndi mayi wina amene ankasoka zovala, ana ake ali ku Hamburg ndipo amabwera kamodzi pachaka.

Loweruka

Ndanyamuka m'mawa. Mayi anandipatsa kabotolo ka jamu wa mapichesi ofiira, aja amamera m'minda ya mpesa, khungu lotuwa laubweya koma mkati mofiira ngati magazi. M'minda ina yomwe mpesa unazulidwa anthu ayamba kubzalamo mitengo imeneyi kuti minga isalande malo. Anandiuza kuti ndikabwere nthawi ya masika awo, mu Malichi kapena Epulo, ndidzaione ikuchita maluwa. Anandiperekeza mpaka padoko, atavala juzi ya amuna awo.

Ndinafuna kuwoloka pa pantoni, kuti ndikauone mudzi kuchokera tsidya lina ndisanakwere basi ya ku Cochem. Pantoniyo ndi yaing'ono, yokwana magalimoto ochepa ndi njinga, yomangiriridwa kuchingwe chachitsulo kuti madzi asaikokolole. Kumapeto kwa mwezi uno iyamba kupuma mpaka chisanu chithe, monganso malo ambiri odyera ndi ogona. Mayi akuti nyengo imeneyo ukayenda m'mudzi usiku umatha kuwerenga mawindo oyaka ndi zala, ndipo amadziwa mwini wa lililonse.

Tinadikira kaye kuti chisitima chachitali cha katundu chidutse, chitamira mpaka m'milomo, kagalimoto ka woyendetsa kali padenga chakumbuyo. Mafunde ake atatha tinawoloka, mphindi zochepa chabe. Okwera tinali atatu.

Nditatsika ndinacheuka. Dzuwa linali litangofika pansanja ya linga, mudzi ukadali mumthunzi. Chakumanzere m'chitunda ndinaona timadontho ta anthu tikuyenda m'mizere, ndipo ndinazindikira chipewa cha bambo achikulire aja. Mvula ya Lachinayi inawachedwetsa, atsala ndi minda iwiri. Mayi anali akadaima padoko, dzanja lili m'mwamba. Ndinakweza langa. Kenaka kunatulukira mnyamata wa njinga kumbali yawoko, n'kuima pafupi nawo, ndipo woyendetsa pantoni anamasula unyolo n'kubwerera wopanda munthu kukamutenga.